Mankhwala a ku Fiyeta ndi Aphunzitsi a Nachisale

Ana anga, za ubwana wanga mwazimva kokwanira kwa azakhali anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa mmene ine ndingathere. Ine ndiyambira pamene ndinavala yunifomu yoyera, pakuti ntchito ndiyo inadya zaka zanga zambiri, komanso ndiyo mbali ya moyo wanga imene simunaione. Inu munkangoona bambo akutuluka m'mawa, n'kubwerako madzulo akununkha mankhwala.

Golomoti, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Nditamaliza maphunziro a umedikolo asisitenti ananditumiza ku kachipatala kakang'ono kufupi ndi Golomoti. Ndinatsika sitima ndi sutikesi yachitsulo ndi mphasa yopinda, kunja kukutentha moti malata a chipatalacho ankalira okha masana. Mkulu wa pamalopo anali a Chimbalanga, bambo wamtali wa imvi amene anayamba ntchito nthawi ya atsamunda. Sankadziwa kuyamikira munthu. Ukachita bwino ankangoti "chabwino" maso ali kwina, koma ukalakwitsa ankakuitanira kuseri, osati pamaso pa odwala, n'kukubwerezetsa ntchitoyo mpaka manja azolowere. Masingano tinkawiritsa pa pulayimasi, akabuntha tinkawanola pa mwala. Mabandeji tinkachapa n'kuyanika pa chingwe ngati zovala za pakhomo, ndipo palibe amene ankaona chachilendo pamenepo.

Dera limenelo anthu ankalima thonje kwambiri, ndipo nyengo yopopera mankhwala ndiyo inali yotivuta ife. Alimi ankasakaniza mankhwalawo ndi manja, n'kubereka pampu kumsana osavala malaya chifukwa cha kutentha, ena n'kumasunga otsala m'mabotolo a zakumwa. Wodwala woyamba wa mankhwalawa amene ndinamuona anabwera naye pa ngolo ya ng'ombe, thukuta lili kamukamu, malovu akuchucha, minofu ya m'mikono ikunjenjemera yokha pansi pa khungu. Ine ndinathamangira sirinji, koma a Chimbalanga anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndiyambe ndayang'ana m'maso ndi kumva kugunda kwa mtima. Kadontho kakuda ka pakati pa diso kanali katachepa ngati nsonga ya singano, ndipo mtima unkagunda mwaulesi. Tinamubaya atiropini mobwerezabwereza mpaka m'kamwa munauma, ndipo anachira. Ena sankachira, makamaka miyezi imene atiropini ankatithera. Ankatisiya akuona, chifuwa chitangoleka kukoka mpweya. Tsiku lina ndinawafunsa a Chimbalanga kuti zimatheka bwanji mankhwala ophera mbozi kufooketsa chifuwa cha mwamuna wamphamvu. Anandiyankha kuti iwo anaphunzitsidwa kuchiza kokha, chifukwa chake sanawauze, ndipo ngati ndikufunadi kudziwa ndipite ndikaphunzire ndidzawauzeko iwonso. Ndinkayesa akunditonza. Koma pamene akuluakulu ankafuna anthu okaphunzira ntchito yogonetsa odwala pa opareshoni, ndi iwo amene anapereka dzina langa.

Blantyre, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Yankho la funso langa ndinalipeza ku fiyeta, chipinda chochitira maopareshoni, pa chipatala chachikulu cha m'tauni. Mphunzitsi wathu anatijambulira pa bolodi kuti mtsempha wonyamula uthenga kuchokera ku ubongo sukhudzana ndi mnofu. Pakati pawo pali kampata kakang'ono kosaoneka ndi maso. Uthenga ukafika kumapeto kwa mtsempha, mtsemphawo umatulutsa timadzi tinatake, timadzito timaoloka kampatako n'kukakhala pa timalo tolandirira tomwe tili pa mnofu, ndiye mnofu umakokeka. Nthawi yomweyo thupi lili ndi china chimene chimaphwanya timadzito msangamsanga kuti mnofu umasuke, ukonzekere uthenga wotsatira. Kuphethira, kutafuna, kumeza, kupuma, zonsezi zimadalira kampata kameneka. Mankhwala a thonje amawononga chophwanya chija, choncho timadzi timadzadza, mnofu umanjenjemera mpaka kutopa n'kulekeratu. Mankhwala amene ife tinkabaya odwala kuti mimba ifewe pa opareshoni ankachita zosiyana, ankatseka timalo tolandirira. Munthu ankangoti lobodo, osatha ngakhale kupuma, ndipo ife tinkamupumira pofinya chibaluni chakuda cha labala. Opareshoni ikatha tinkamubaya niyositigimini, mankhwala amene amachedwetsa chophwanya chija kwa kanthawi, timadzi n'kuchuluka, minofu n'kudzukanso. Mphunzitsiyo anatchulaponso matenda osowa otchedwa mayasitiniya, m'mene chitetezo cha thupi chimasokonekera n'kumawononga timalo tolandirira ta mwini wake yemwe. Anati ambiri a ife tidzapuma pa ntchito tisanawaone.

Pa tchuthi ndinapita kwa a Chimbalanga, amene nthawiyo anali atapuma ntchito, n'kuwajambulira zonsezi pa dothi ndi kamtengo. Anamvetsera mpaka kumapeto, anandibwerezetsa pa mankhwala a thonje paja, kenako anati "chabwino", ulendo uno akundiyang'ana.

Mua, zaka za m'ma 1980

Ku chipatala cha mishoni ndinapeza abwana a mtundu wina, Sisitere Monika, Mmalawi mnzathu wa kumapiri, wamfupi, woyenda mothamanga makiyi akulira m'chiuno. Dokotala tinali naye mmodzi, mzungu wofatsa wa ku Ulaya, koma maopareshoni ambiri ankachita a Mbewe, kiliniko ofesa wa manja opepuka ndi pakamwa pakuthwa. Zinali zaka zosowa. Nkhondo ya ku Mozambiki inatseka njira ya ku doko, katundu ankazungulira kutali, ndipo chimene waitanitsa nyengo yokolola chinkafika mvula itayamba. Magolovesi tinkachapa n'kuwamata zigamba. Mabotolo a okosijeni nthawi zambiri ankangoima opanda kanthu, tinkadalira kamakina kakale kogonetsera anthu ndi ifa, mankhwala onunkha aja munkawamva pa zovala zanga. Kabati ya mankhwala a ku fiyeta inali ndi makiyi kwa ine ndi kwa Sisitere basi, ndipo lamulo lawo linali lakuti niyositigimini satuluka pakhomo la fiyeta. Lamulolo linali lanzeru. Popanda iye sindikanatha kudzutsa munthu amene ndamufewetsa minofu.

Dzinja lina mvula inagwa mopitirira muyeso, mitsinje yochokera m'mapiri inasefukira n'kudula msewu mbali zonse. Dokotala anali atapita ku Lilongwe kukasaka mankhwala ndipo anatsekeredwa komweko, lamya nayo inali itafa. Masana ena anthu anafika ndi mayi pa machira. Anali a Nachisale, mphunzitsi wa pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Mtakataka. Anali atadwala malungo aakulu, ndipo pa kachipatala ka kwawo anawapatsa kwinini, monga mmene aliyense wa ife akanachitira. Kutentha thupi kunatsika, koma iwo anafookeratu. Zikope zinali zitagwa, mutu sunkaima, malovu ankatsikira pachibwano, ndipo ankapuma pang'onopang'ono ngati mwana wa nkhuku. Amuna awo, a Zakeyu, anali mlimi wa thonje, ndipo anauza anamwino kuti sabata imeneyo anapopera m'munda, zovala zawo n'kuchapa mayiwo. Aliyense m'wodi anaganiza za mankhwala a thonje. Ine anandiitana chifukwa cha kupumako.

Ndinawakweza chikope ndi chala. Kadontho kakuda ka m'diso kanali ka msinkhu wake. Mtima unkathamanga, khungu linali louma, ndipo panalibe mnofu umene unkanjenjemera. Malovuwo sanali ochuluka ayi, kungoti ankalephera kuwameza. Ndinawatengera a Zakeyu pa khonde n'kuwafunsa kuti kufookaku kunayamba liti. Anayamba ndi za malungo, koma nditawakakamiza kubwerera m'mbuyo anandiuza kuti vutoli linali la miyezi yambiri. M'mawa akazi awo ankadzuka bwinobwino, kusesa, kutunga madzi, kupita kusukulu. Dzuwa likafika pamutu zikope zinkayamba kugwa, ankaona zinthu ziwiriziwiri, ndipo mawu ankawathera ali m'kalasi n'kumatulukira m'mphuno. Pakudya ankachirikiza chibwano ndi dzanja. A hedi awo ankati ndi ulesi, apongozi awo ankati awalodza anthu ansanje ndipo anali atawatemetsa kale mphini. Kenako a Zakeyu anawonjezera, ngati chinthu chosafunikira, kuti akagona pang'ono mphamvu zinkabwerera. Nditamva zimenezo ndinaona bolodi la ku Blantyre lija m'maso mwanga, ndi matenda osowa aja a mayasitiniya. Ndinakumbukiranso kuti kwinini amafooketsa kampata komwe kaja, moti kwa munthu amene timalo take tolandirira tatsala tochepa, angathe kumugwetseratu.

Sisitere ndinawapeza ku sitolo ya mankhwala. Ndinawafotokozera zonse n'kuwapempha kuti titulutse niyositigimini. Anandimvetsera ataimirira, kenako anafunsa.

"A Ngozo, matenda amenewa munawaonapo ndi maso anu?"

"Iyayi, Sisitere. Ndinangowaphunzira."

"Nanga akakhala kuti ndi mankhwala a thonje?"

"Ndiye kuti jakisoni ameneyu awamaliza."

Sanandikalipire. Anandikumbutsa kuti timabotolo totsala tinali tochepa, kuti jakisoni mmodzi mphamvu yake imatha pa maola ochepa ndipo tidzayenera kubwereza usana ndi usiku, komanso kuti msewu sitikudziwa kuti utseguka liti. Anati amene adzabwere mawa ndi mimba yotupa nayenso ndi mwana wa munthu, kungoti sitinamuone nkhope. Zonse zimene ananena zinali zoona. Ndinangoti mayi ali m'wodiwo sangafike mawa, ndipo wina akabwera wofunika opareshoni ndidzamugonetsa ndi ifa yekha, mozama, monga ankachitira akale, udindo wake udzakhala pa ine. Sisitere anati nkhaniyi si ya anthu awiri, anaitanitsa a Mbewe. A Mbewe anadandaula kuti mimba yolimba amavutika nayo posoka ndi iwo osati ine, anazungulira m'chipindamo kangapo, kenako anapita okha kukawaona mayiwo. Atabwerako anangoti titsegule kabatiyo.

A Zakeyu sindinawabisire kanthu. Ndinawauza kuti ndikukhulupirira kuti ndikudziwa chimene chikuwavuta akazi awo, koma ngati ndalakwitsa, mankhwalawo awafulumizitsa imfa. Bamboyo anati, "Afunseni eni ake. Akumva zonse, pakamwa pokha ndi pamene pakana." Ndinachita manyazi pang'ono kuti mlimi ndi amene wandikumbutsa zimenezo. Ndinagwada pambali pa bedi, ndinabwereza mawu omwewo, n'kuika chala changa m'dzanja mwawo kuti ngati akuvomera afinye. Anafinya, mofooka koma mosakayikitsa.

Tinayamba ndi atiropini woteteza mtima, Sisitere n'kutsala ndi sirinji ina yodzadza m'manja kuti zikavuta abaye msanga. Chibaluni chopumitsira ndinachiika pa pilo. Kenako ndinabaya niyositigimini pang'ono pa ntchafu, n'kuika zala zanga pa mkono wawo kumvetsera mtima. Panadutsa nthawi yokwana kuwiritsa ketulo ya madzi popanda chosintha. Kenako chikope chakumanzere chinayamba kukwera, chinzake n'kutsatira. Tinamva pakhosi pawo pakulira, anali atameza malovu. Chifuwa chinakwera mokwanira koyamba chifikireni. Anatembenuza mutu okha, n'kuyang'ana amene anali pafupi, ndipo ndi mawu omveka bwino anati, "Sisitere, ndili ndi ludzu." A Zakeyu anakhala pansi pa simenti pomwepo atagwira kumutu. Sisitere anandipatsa sirinji ija n'kutuluka, ndipo atabwerako ndi kapu ya madzi maso awo anali ofiira.

Masiku otsatira ndiwo anali ntchito yeniyeni. Tinasiya kwinini n'kuwapatsa mankhwala ena a malungo. Mphamvu ya jakisoni ikatha zikope zinkagwanso, ndiye ndinkatalikitsa nthawi mmene ndikanathera kuti timabotolo tikhalitse. Phala tinkawapatsa pamene jakisoni wangogwira kumene, ndipo nthawi zina kupuma kukachepa tinkasinthana kufinya chibaluni, ine, a Mbewe ndi anamwino. Zimene Sisitere ananena zinachitikadi. Kunabwera bambo wachikulire wa ku chigwa cha Bwanje, matumbo atapotana, mimba ili ngati ng'oma, ndipo m'kabati munali mutatsala timabotolo tochepa kwambiri toti sindikanatha kugawa. Ndinamugonetsa ndi ifa yekha. Kuti mimba ifewe ndinayenera kumuzamitsa kufika pamalire amene munthu wogonetsa amawaopa, chala changa chili pa mtsempha wa m'khosi mwake nthawi yonseyo. A Mbewe anagwira ntchitoyo akung'ung'udza, ndipo inatenga nthawi yaitali kuposa masiku onse. Bamboyo anachedwa kudzuka, anasanza kwambiri, kenako anadwala chibayo n'kukhala m'chipatala mpaka chimanga chitacha. Anatuluka ndi miyendo yake. Koma ndikudziwa kuti gawo lina la mavuto akewo analipira chifukwa cha chisankho changa, ndipo ndinkapita pa bedi pake tsiku lililonse mpaka anayamba kundinena kuti ndikumusowetsa tulo.

Madzi ataphwa dokotala anafika ndi makatoni a mankhwala, niyositigimini ali momwemo. Anawayeza a Nachisale mofatsa, kuwauza kuti ayang'ane kudenga mpaka zikope zigwe, kuti awerenge mokweza mpaka mawu azilale. Anavomereza kuti anali matenda omwewo. Anandifunsa funso limodzi lokha, kuti ndikanatani kadontho ka m'diso kakanakhala kakang'ono. Ndinati sindikanabaya. Anagwedeza mutu, n'kundiphunzitsa zimene ine sindinkazidziwa, za mankhwala ochepetsa ukali wa chitetezo cha thupi, ndi za majakisoni ena ophera tizilombo amene mayiwa sayenera kupatsidwa moyo wawo wonse. Anapempha kwa anzake a kwawo mapiritsi ogwira ntchito ngati niyositigimini, ndipo ankabwera m'timaphukusi, nthawi zina mochedwa. Sisitere Monika lamulo lawo sanalisinthe. Anangowonjezera kuti kabotolo kena kazisungidwa padera, kolembedwa dzina la a Nachisale.

Mua, zaka za m'ma 1990

Matenda amenewa sachira, munthu amangophunzira kukhala nawo. Apongozi aja mpaka imfa yawo ankakhulupirira kuti mphini ndi zimene zinagwira ntchito mochedwa, ndipo sitinalimbane nawo. A Nachisale anapempha kuti awasamutsire ku sukulu ya pafupi ndi chipatala, n'kupatsidwa Sitandade 1, imene imaweruka dzuwa lisanafike pamutu. Anagonekedwanso kangapo, kamodzi moopsa ndithu, koma anaphunzitsa mpaka kufika pa msinkhu wopuma, chaka chomwe inenso ndinatula makiyi a fiyeta. Pa ntchito yanga yonse ndinagonetsa ndi kudzutsa anthu ochuluka amene nkhope zawo sindingazikumbuke. Koma munthu akandifunsa chimene ndinachita ndi maphunziro amene a Chimbalanga ananditumako, ndimaganiza za masana amenewo, ndipo mtima wanga umakhala m'malo.

Iwe Tereza, mwana wanga wotsiriza, dzina limeneli walizindikira kale. Unkabwera kunyumba ukudandaula kuti aphunzitsi ako nthawi yopuma ikangodutsa salankhulanso, amangolemba pa bolodi n'kumaloza ndi ndodo kuti muziwerenga nokha mokweza. Unkati mwina amadana nanu. Ine ndinkangokuuza kuti uziwerenga monga akuuzira, chifukwa za wodwala sizikambidwa pa mphasa ya chakudya, ngakhale kwa mayi ako sindinanene. Ndisanalembe mutu uno ndinakwera minibasi kupita kwawo kukapempha chilolezo. Ndinawapeza m'mawa, akusankha mpunga pa lichero, maso ali gwa. Anaseka nditawauza za madandaulo ako, kenako anati, "Lembani zonse, a Ngozo. Ndipo mumuuze Tereza kuti sindinkadana nawo. Mawu anga ankatha, ndiye ndinkabwereka awo."